Chopindika si chowola: kagulitsidwe ka tomato, ndiwo ndi zipatso zosaoneka bwino

Funso ili limandipeza kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa amayi amene angoyamba kumene geni ya tomato ndi ndiwo zamasamba. Amati: "Ndapikula dengu ku Lizulu, koma pokhuthula ndapeza ambiri ndi opindika, ena ang'onoang'ono, ena ong'aluka. Nditani nawo?" Ena amafunsa za karoti wa mphanda, ena za mango a mathothomathotho, ena za mbatata ya kachewere yonga mazira a nkhunda imene yatsala pansi pa thumba. Yankho ndi limodzi ndipo ndi lalitali, choncho ndalilemba pano kamodzi kuti aliyense azidziwerengera.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: phindu la dengu lanu nthawi zambiri limakhala mu katundu amene mukumuona ngati wachabeyo. Wokongola uja amangobweza mpamba. Koma kuti wopindikayo akupatseni ndalama muyenera kumusiyanitsa ndi wowola, kumupezera mwini wake, ndi kumugulitsa poyera. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3 a chakudya cholimidwa pa dziko lonse limaonongeka kapena kutayidwa. Kwathu kuno chambiri sichitayikira pa mbale. Chimatayikira pakati pa dimba ndi mphika: m'dengu, pa lole, ndi pa benchi la mumsika.

1. Dziwani chimene chapindikitsa

Simungagulitse molimba mtima chinthu chimene inu eni mukuchikayikira. Kasitomala akanyamula tomato wa nkhope yokwinyika n'kufunsa kuti "ameneyu wadwala chiyani?", muyenera kukhala ndi yankho loona.

Tomato wokwinyika kunsi, wa mizere youma ngati zipsera, amakhala choncho chifukwa duwa lake linakumana ndi kuzizira, monga zimachitikira ku Dedza ndi ku Tsangano mu June ndi July. Wong'aluka mozungulira pa phata ndi amene anakhala ndi ludzu masiku angapo kenako n'kulandira madzi ambiri nthawi imodzi, mkati n'kukula msanga kuposa khungu. Karoti amachita mphanda muzu ukagunda mwala kapena dothi louma gwa, kapena mlimi akathira manyowa osawolerana. Nkhaka imapindika mungu ukapanda kufika mokwanira pa duwa. Anyezi wa mapasa, giripepa wopotoka, biringanya wa mphuno, manachesi a ku Mwanza a khungu lokhakhala chifukwa chokhuzana ndi nthambi pa mphepo: zonsezi ndi nkhani ya maonekedwe basi. Kukoma ndi komweko, thanzi lake ndi lomwelo.

2. Khuthulani tsiku lomwelo, musankhe milu inayi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene alangizi ambiri amangodutsa ndi mawu amodzi akuti "sankhani katundu wanu". Kusankha kwake kotani?

Choyamba, musagone ndi dengu losakhuthula. Madengu akuluakulu amene amakwera malole kuchokera ku Jenda, Bembeke kapena Bvumbwe amafika pansi pake pataphwanyika kale, ndipo madzi a tomato mmodzi wophwanyika amanyowetsa anzake khumi. Usiku umodzi wotentha wa October ndi wokwanira kuti chuku chiyambe. Ngakhale mwafika mutatopa, yalani mphasa kapena masaka ouma pa mthunzi, sambani m'manja, ndipo tulutsani mmodzimmodzi. Musakhuthule mogubuduza. Khalani ndi kansalu kouma kopukutira. Musatsuke ndi madzi katundu amene agona, chifukwa chinyezi chimafulumizitsa kuwola.

Mulu woyamba ndi wa okongola: olimba, osalala, akulu mofanana. Awa safuna malangizo.

Mulu wachiwiri ndi wa opindika koma athunthu. Khungu silinabooke paliponse. Muli ang'onoang'ono, akulu mopitirira, okwinyika, a zipsera zouma. Chizindikiro chake ndi chakuti mukapititsa chala pa chipseracho, pamakhala pouma ndi polimba. Ambiri mwa awa amakhala masiku ofanana ndi a mulu woyamba, choncho palibe chifukwa chowagulitsira mothamanga.

Mulu wachitatu ndi wa ovulala lero: ong'aluka kumene, otswanyika mbali imodzi, ofewa chifukwa chopsa kwambiri, mbatata yotemedwa ndi khasu, kabichi wosweka mutu. Ndi chakudya chabwino, koma moyo wake ndi wa maola. Ayenera kulowa mumphika lero lomwe, ndipo ndi ophika okha, osati odya osaphika ngati saladi.

Mulu wachinayi ndi wosayenera munthu. Malire a mulu wachitatu ndi wachinayi ndiwo ovuta, chifukwa mtima umakuuzani kuti mwalipira ndalama ndiye musataye. Gwiritsani mphuno, chala ndi mpeni, ndipo tsatirani izi.

Chinthu chofewa ndi chamadzi, monga tomato, nkhaka, papaya, peyala kapena mango okupsa, chikamera chuku, kaya choyera ngati thonje, chakuda kapena chobiriwira, chonsecho chapita. Musadule mbali yowolayo n'kugulitsa yotsala. Mizu ya chuku imalowa mkati mwa chipatso chofewa kupitirira pamene maso akuona. Chinthu cholimba, monga kabichi, karoti kapena dzungu, mungathe kuchipulumutsa ngati banga lili laling'ono: dulani mozungulira, kusiya mpata wa masentimita 2 kapena 3 kuchokera pa bangalo, ndipo mpeni usakhudze chukucho. Chilichonse chonunkha mowawasa, chotuluka thovu kapena madzi oterera, chipite ku mulu wachinayi popanda kukambirana.

Tomato wakuda kunsi, pamene panali duwa, amasokoneza anthu ambiri. Banga limeneli limabwera chifukwa mchere wa kashiamu sunafike bwino ku chipatso, kawirikawiri chifukwa cha kuthirira modumphadumpha. Si matenda opatsirana. Ngati bangalo lili louma ngati chikopa ndipo kumtunda kuli kolimba, mwini wake angadule n'kuphika, choncho ndi wa mulu wachitatu. Likafewa kapena kumera chuku, ndi wachinayi. Tomato wa timabowo ting'onoting'ono pafupi ndi phata walowedwa ndi kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kasautsa alimi a tomato m'zaka zapitazi. Dulani awiri kapena atatu muone mkati. Mukapeza njira zakuda ndi ndowe za mbozi, musawaike pa benchi.

Mbatata ya kachewere ili ndi msampha wake. Yaing'ono, yokhota kapena ya mabampu ilibe vuto. Yobiriwira khungu ndiyo yoopsa. Kubiriwirako kumabwera ikakhala pa kuwala, ndipo kumayendera limodzi ndi poizoni wotchedwa solanine, amene satha ngakhale muikazinge. Ngati kubiriwira kuli kochepa, kongokhala pa khungu, kusenda mozama kumachotsa. Ngati kwalowa mkati, kapena mbatatayo yamera mphukira zambiri ndi kufota, kapena ikuwawa pa lilime, itayeni, ndipo musapatse nkhumba. Mbatata ya kholowa yobooledwa ndi nankafumbwe imawawa ndipo wogula sadzabweranso. Yamabanga akuda owola ndi yoopsa ngakhale kwa ng'ombe. Chinangwa chimayamba kuda mizere mkati pakangotha masiku 2 kapena 3 chikumbidwire, choncho chothyoka chigulitseni lero kapena chisendeni mupange makaka.

Mango a madontho akuda pa khungu nthawi zambiri amakhala abwino mkati ngati agulidwa msanga. Oti muwaope ndi aja ooneka osalala koma ali ndi kamalo kamodzi kofewa, kamene mukakadina kamatuluka madzi. Pamenepo ntchentche ya zipatso inaikira mazira, ndipo mkati muli mphutsi.

Pali chinthu china chimene maso amaphonya. Tomato wokongola kwambiri akhoza kukhala woopsa kuposa wopindika ngati wapoperedwa mankhwala dzulo. Mukaona ufa woyera kapena wachikasu wa Dithane pa khungu, kapena mukamva fungo la mankhwala potsegula dengu, funsani mlimi kuti anapopera liti. Botolo lililonse limalemba masiku odikira asanakolole. Kupukuta ndi nsalu kumangochotsa umboni, sikuchotsa vuto lonse.

3. Werengani mtengo pa milu yogulitsika, osati pa dengu

Cholakwika chimene chagwetsa mageni ambiri ndi kugawa ndalama yopikulira ndi katundu yense ngati kuti yense adzagulidwa pa mtengo umodzi. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikemo a msika wanu wa lero.

Tinene kuti dengu, thiransipoti, wonyamula ndi tikiti ya msika zonse pamodzi zakwana K48,000. Mwasankha, ndipo mwapeza milu ing'onoing'ono 60: yokongola 36, yopindika 18, ndi 6 ya ovulala ndi otaya. Anzanu pa mzere akugulitsa mulu pa K1,200, ndiye inunso simungakweze. Yokongola 36 ija ikupatsani K43,200. Mukataya kapena kungogawa yopindika, mwaluza K4,800 ngakhale mwagulitsa "zonse zabwino". Koma mukagulitsa yopindika 18 ija pa K800, mwapeza K14,400 ina, zonse pamodzi K57,600. Phindu lanu la K9,600 lachokera mu mulu umene munkafuna kuutaya.

Ndiye mtengo wa opindika ukhale wotani? Ine ndimati tsitsani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, osapitirira apo. Ku France, sitolo za Intermarché zitayamba kugulitsa zipatso ndi ndiwo zosaoneka bwino mu 2014, zinatsitsa ndi 30 pa 100 iliyonse, ndipo zinaziika pa malo akeake ndi chikwangwani chake. Muyezo umenewo ndi wanzeru kulikonse. Mukatsitsa pang'ono kwambiri, munthu amasankha wokongola. Mukatsitsa ndi theka kapena kuposa, zinthu ziwiri zimachitika: wogula amayamba kukayika kuti mwina ndi wowola, ndipo makasitomala anu a mulu woyamba amasamukira ku wotchipa, n'kukusiyirani wokongola akupsa pa benchi.

Njira ina imene imayenda bwino m'misika yathu ndi kusatsitsa mtengo konse koma kukuza mulu. Anthu anazolowera kuti mulu ndi wa ndalama yakutiyakuti, ndipo kusintha kumavuta. Pamene wokongola mukuika anayi, wopindika ikani asanu ndi mmodzi pa mtengo womwewo. Mayi wophikira banja lalikulu amaona yekha kumene kuli phindu.

Za basela, kapena kuti banyira, uja woonjezera pamwamba munthu akagula: atengeni ku mulu wachiwiri, osati wachinayi. Basela wowola ndi chipongwe. Munthu akafika kunyumba amaiwala anayi abwino aja, amakumbukira mmodzi wonunkhayo.

4. Pezani ogula amene saona nkhope ya katundu

Pali anthu amene tsiku lililonse amadula, kusenda, kupota kapena kusinja zimene agula, ndipo kwa iwo kupindika kulibe tanthauzo. Amayi a malesitilanti a mumsika amafuna tomato wopsa kwambiri wa supu, ndipo amamufuna m'mawa asanateleke ndiwo. Anyamata a pa chiwaya amafuna tomato wolimba wa saladi, komanso mbatata yaikulu yokhota ya tchipisi. Mbatata ing'onoing'ono ndi ya okazinga zibwente. Nthochi zakuda makoko, zimene wapaulendo sangazigule, ndi zimene amayi a zitumbuwa ndi chikondamoyo amazifuna chifukwa ndizo zotsekemera. Mango aawisi ogwa ndi mphepo ndi a opanga atcha. Palinso sukulu zogonera konko, ophika pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ndi oweta nkhumba amene angatenge masamba akunja a kabichi.

Musadikire kuti katundu ayambe kufewa ndiye muziyamba kuwasaka. Pitani kwa iwo tsiku limene mulibe chogulitsa, mukadzidziwitse, mutenge nambala. Gwirizanani muyezo, kaya ndi ndowa ya malita 5 kapena beseni, ndi nthawi yobweretsa. Tsiku lopikula, mukangomaliza kusankha, jambulani mulu wachitatu momwe ulili n'kutumiza pa WhatsApp. Chithunzi chikhale choona, kuti pasakhale kukangana pofika.

Chenjezo limodzi: ogula otere amakonda ngongole, amati "ndikupatsani madzulo ndikagulitsa". Kwa amene mwamudziwa bwino zingatheke, koma ikani malire a tsiku limodzi, ndipo Airtel Money kapena Mpamba zilipo kuti asanene kuti anasowa nthawi yobwera. Katundu amene mwamupulumutsa ku dzala n'kukamutaya m'ngongole ndiye kuti simunapulumutse kanthu.

5. Yalani poyera, nenani zoona

Chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chija choika awiri okongola pamwamba pa mulu, wophwanyika pansi, mbali yovulala itayang'ana ku benchi. Ndikudziwa kuti ambiri amachita, ndipo pa msewu wa M1 pamene basi imaima mphindi zochepa munthu amaganiza kuti wogulayo sadzamuonanso. Koma inu amene muli ndi benchi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, makasitomala anu ndi omwewo mawa ndi mkuja. Mayi amene wapeza wowola pansi sabwera kudzadandaula. Amangosamukira kwa mnzanu.

Ikani opindika pa lichero lawolawo, kumapeto kwa benchi, oyera ndi opukutidwa bwino lomwe ngati okongola aja. Musawaunjike pansi pafupi ndi zinyalala, chifukwa malo amene mwaika chinthu ndi amene amauza wogula mtengo wake. Dulani karoti mmodzi wa mphanda kapena nachesi limodzi lokhakhala kuti anthu aone mkati. Mawu ake ndi achidule: "Awa ndi opindika chabe mayi, dimba lake ndi limodzi ndi awo, koma ndikupatsani ambiri." Kwa a mulu wachitatu nenani mosabisa: "Awa ndi ophika lero, asagone." Musawatchule kuti otsala kapena otaya.

Ngati mukufuna kugulitsa zodula kale, monga theka la kabichi, zidutswa za dzungu, chinanazi kapena papaya, ndiye kuti mwalowa mu nkhani ya ukhondo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Madzi otsukira mpeni ndi manja akhale othira klorini kapena WaterGuard, zodulazo zivindikiridwe ku ntchentche, ndipo dulani pang'onopang'ono malinga ndi ogula. Makhonsolo nthawi zina amaletsa malonda a zakudya zotere matendawa akabuka, ndipo chiletsocho chitsatireni.

6. Mthunzi, mpweya, ndi zosayenera kugonera limodzi

Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, zipatso ndi ndiwo zimaonongeka mofulumira kawiri kapena katatu. Ambulera, denga la udzu kapena chitenje chomangidwa pamwamba chimabweza ndalama yake msanga. Pa benchi ikani zochepa, zambiri zikhale pansi pa mthunzi. Masamba monga mpiru, repu ndi nkhwani akuteni ndi saka lonyowa. Tomato ndi anyezi ayi, amafuna pouma.

Nthochi, mapeyala, mango ndi tomato zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, umene umapsetsa zinzake. Ndi chifukwa chake peyala limafewa msanga mukalitsekera ndi nthochi. Chipatso chovulala chimatulutsa wambiri. Choncho mulu wachitatu usagone pafupi ndi woyamba, ndipo nthochi zikhale kutali ndi nkhaka, kabichi ndi masamba, zimene zimachita chikasu ndi mpweyawu. Karoti amafika powawa nawo. Mbatata ya kachewere isungeni mu mdima, m'saka lopita mphepo, osati m'pulasitiki. Anyezi wa khosi lalikulu ndi wa mapasa sakhalitsa, agulitseni poyamba.

Amene alibe firiji angayese miphika iwiri yadothi, waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, ndi amene anafalitsa njirayi kumpoto kwa dziko lawo. Madzi akamauma mumchengamo amachotsa kutentha mkati. Imagwira bwino m'miyezi youma ndi yotentha monga September ndi October, pa malo opita mphepo. Nthawi ya dzinja mpweya umakhala wachinyezi ndipo siithandiza kwenikweni.

7. Dziikireni nthawi yotsitsa mtengo

Ambiri amaumirira mtengo wa m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kenako n'kugulitsa mwa mantha pa mtengo uliwonse mdima ukugwa. Gamulani m'mawa, mutu uli wozizira. Mulu wachitatu uyenera kukhala utachoka isanakwane 10 koloko, pamene ophika akuteleka. Wotsala pofika masana, tsitsani kapena muutengere ku gawo lotsatirali. Cha m'ma 4 koloko, anthu akamaweruka ku ntchito, yang'ananinso milu iwiri yoyamba ija: amene wafewa atsike mulu. Kusankha si kwa tsiku lopikula lokha, ndi kwa m'mawa uliwonse.

8. Zimene sizinagulidwe, futsani kapena yanikani

Makolo athu analibe firiji koma sankataya ndiwo. Mfutso ndi masamba owiritsidwa pang'ono n'kuyanikidwa, monga nkhwani, khwanya ndi chitambe, ndipo ankasungidwa m'chikwatu, phukusi la masamba a msuku lopachikidwa m'khitchini. Lero m'tauni mfutso ndi malonda, makamaka wotendera ndi nsinjiro. Masamba ofota pang'ono kapena obooledwa ndi tizilombo amafutsika bwino. Achikasu ndi oterera ayi. Aviikeni m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi 2 kapena 3 zokha, osati kuwaphika mpaka kufewa, kenako yanikani pa thandala lokwera, pamalo pamene mphepo ikudutsa. Owuma pa mthunzi amasunga mtundu ndi mavitamini kuposa owuma pa dzuwa la phwee.

Tomato amayanikika, ndipo apa pali ndalama chifukwa amatchipa kwambiri m'chilimwe pamene madimba onse akukolola, n'kudzakwera mtengo m'miyezi ya mvula. Tengani opindika ndi ang'onoang'ono olimba, makamaka a mtundu wa Tanya amene alibe madzi ambiri. Tsukani, dulani mopyapyala mofanana, wazani mchere pang'ono, yalani pa neti kapena pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala, phimbani ndi kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere. Madzulo lowetsani m'nyumba kuti mame asawapeze. Pa dzuwa la October amauma m'masiku 3 kapena 4. Wouma bwino amapindika ngati chikopa osatuluka madzi mukamufinya. Dziwani kuti tomato ndi madzi pafupifupi yense, choncho pamafunika makilogalamu pafupifupi 15 kuti mupeze imodzi youma. Ikani mtengo mukudziwa zimenezo. Cholakwika chofala ndi kulongedza asanaumitsitse: pakatha sabata m'botolo mwamera chuku ndipo ntchito yonse yapita. Mango, nthochi, therere ndi tsabola wa kambuzi zimayanikika chimodzimodzi.

Kuyanika sikukonza chowola. Cholowa pa thandala chichokere ku mulu wachiwiri, kapena mbali zabwino za wachitatu tsiku lomwelo.

Za kuphika tomato n'kumutsekera m'mabotolo, kapena kupanga jamu ndi juwisi wogulitsa, ndikuti musayambe ndi nzeru za m'mutu. Botolo losawiritsidwa mokwanira limatha kusunga poizoni wosanunkha ndi wosaoneka. Kaphunzireni kaye kwa alangizi a zaulimi ndi zakudya a ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya kwanu, ndipo ngati mukufuna kuika chizindikiro chanu n'kukagulitsa m'sitolo, a Malawi Bureau of Standards ayenera kuyeza katundu wanu.

9. Mulu wachinayi nawonso uli ndi kopita

Masamba akunja a kabichi, makoko ndi zofota zopanda chuku ndi chakudya cha nkhumba, akalulu, mbuzi ndi nkhuku. Gwirizanani ndi woweta kuti azidzatenga madzulo, ngakhale posinthana ndi manyowa kapena mazira. Za chuku musapatse ziweto. Zimenezo ndi za kompositi: ikani m'dzenje mosinthanitsa ndi udzu wouma kapena mapesi, phulusa pang'ono ndi dothi pamwamba kuti zisanunkhe.

Mango ndi tomato wa mphutsi asalowe m'kompositi wamba, ndipo asatayidwe kuseri kwa msika kapena pansi pa mtengo. Mphutsizo zimalowa m'dothi n'kutuluka ntchentche zatsopano. Akwirireni m'dzenje lakuya theka la mita kapena kuposa, kapena atsekereni m'thumba lakuda la pulasitiki, mumange ndi kulisiya pa dzuwa kwa sabata kuti mphutsi zife.

10. Bwererani kumene munapikula

Mukasankha madengu angapo mudzayamba kuona kuti mulu wachiwiri umachokera kudimba, koma wachitatu ndi wachinayi umapangidwa pa msewu. Ophwanyika ambiri ndi a pansi pa dengu lakuya, losanjikizidwa pa linzake, mwina munthu atakhalapo pamwamba. Ngati mungathe, gulani makireti apulasitiki pang'onopang'ono, chifukwa amasanjikizana m'mbali mwake osapsinja katundu. Ngati simungathe, gwiritsani madengu awiri aang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu, yalani udzu wouma pansi ndi m'mbali, ndipo musadzaze mpaka kupanga phiri. Wa ulendo wautali, monga wochokera ku Jenda kupita ku Wakawaka ku Lilongwe, mugule wongoyamba kufiira, ndipo ayende usiku kapena m'mamawa.

Popikula, pisani dzanja mpaka pakati pa dengu, kapena pemphani kuti akhuthulire m'lanu inu mukuona. Pamwamba nthawi zonse pamakhala pokongola. Ndipo ngati mwapeza ogula okhazikika a opindika, lankhulani ndi mlimi mwachindunji. Alimi ambiri amasiya ang'onoang'ono ndi okwinyika m'dimba chifukwa mavenda amawakana. Muuzeni kuti akusankhireni padera, m'dengu lawolawo, pa mtengo wotsika umene nonse mwagwirizana. Mumulongosolere bwino kuti mukufuna opindika athunthu, osati ong'aluka kapena a mbozi, ndipo dengu loyamba musankhire limodzi kudimba komweko kuti aone malire amene mukunena.